Ndayenda miyezi 8, akatumba ali chimodzimodzi, chasintha ndi chiuno

Chiyambireni zoyendazi funso lomwe ndafunsidwa kwambiri ndi limodzi: kodi akatumba sakukula? Makamaka anzanga aakazi, ena amafunsa motsitsa mawu ngati ndi nkhani yamanyazi, ena amayamba ayang'ana kaye miyendo yanga kenako nkufunsa. Ndipo ndimawamvetsa chifukwa mantha amenewa inenso ndinali nawo, anandichedwetsa pafupifupi chaka chathunthu ndisanayambe. Nde lero ndati ndilembe zonse pamodzi, zomwe ndaona pa thupi langa ndi zomwe ndakhala ndikuwerenga pofuna kumvetsa chomwe chikuchitika mkatimu.

Ntchito yanga ndi yokhala pampando, maso pa kompyuta kuyambira mmawa mpaka madzulo, kudzuka pokhapokha ndikafuna madzi akumwa kapena kupita kuchimbudzi. Foni yanga imawerenga masitepe yokha olo usaiuze, ndipo tsiku lina nditatsegula ndinapeza kuti masiku ambiri sindimafika ngakhale 3,000. Madzulo akakolo amakhala otupa, sokosi imasiya mzere wozama pamwendo woti umatha ola lathunthu usanafufutike, ndipo ndikakwera makwerero a nyumba yosanja kawiri kokha ndimafika pamwamba ndili wefuwefu, mtima ukugunda m'makutu. Zimenezi zinandiwawa mumtima chifukwa sindine wokalamba. Ndinayamba pang'onopang'ono, mphindi 20 mmawa ndisanasambe, kenako ndinawonjezera mphindi 15 nthawi yopuma masana, kenako madzulo, mpaka patapita miyezi iwiri ndinali pakati pa 9,000 ndi 10,000 masiku ambiri. Sindinalowe jimu, sindinayambe dayeti ina iliyonse yokhala ndi dzina, ndinangoyenda basi.

Sabata yachitatu ndi yomwe ndinatsala pang'ono kusiya. Ndikukumbuka bwinobwino, ndinali nditangofika kuchokera koyenda madzulo, ndasamba, ndakhala m'mphepete mwa bedi ndikuvala jinzi yanga ija yothina kumunsi, nde inafika pa katumba nkukanirira. Jinzi yomweyi mwezi wapitawo imalowa popanda vuto. Ndinakoka, nsalu nkumaluma khungu. Ndinatenga tepi ya telala yomwe ndinali nditaisunga mu drowa, kuyeza, katumba wakwera ndi sentimita yathunthu. Kukwera pa sikelo, nayonso yakwera pafupifupi kilo. Mtima unangoti phwii. Ndinaimbira achemwali anga, iwowo akhala akuthamanga kwa zaka zambiri.

"Achemwali, ine zoyendazi ndasiya. Miyendo ikukula m'malo mochepa."

"Iwe, wayeza nthawi yanji?"

"Pompano, ndangofika kumene."

"Nde ukuyeza madzi amenewo, osati nyama. Ukagone, mawa ukadzuka usanadye kanthu uyezenso, kenako undiimbire."

Mmawa mwake sentimita ija theka lake linali litapita. Patatha masabata ena awiri yonse inapita. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo: kuyeza kamodzi pa sabata, Lamlungu mmawa, nditapita kuchimbudzi koma ndisanadye, malo anayi omwewo nthawi zonse, pamchombo, pamatako pomwe pali potambalala kwambiri, pakati pa ntchafu, ndi pa katumba pomwe pali ponenepa kwambiri. Ndimalemba kutsamba lomaliza la kope langa la kuntchito.

Chomwe chimachitika m'masabata oyambawa nchakuti minofu yomwe inazolowera kugona ikadzidzimutsidwa imang'ambika pang'onopang'ono mkati, timabala tosaoneka ndi maso, ndipo thupi limatumiza madzi ndi magazi ambiri pamalopo kuti likonze. Ndi chifukwa chake ululu uja sumabwera tsiku lomwelo, umabwera mawa lake kapena mkuja, nkumatha pakapita masiku atatu kapena kupitirira pang'ono. Kuwonjezera apo minofu yogwira ntchito imayamba kusunga shuga wambiri wa mtundu wotchedwa glycogen kuti izikhala ndi mphamvu pafupi, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa limodzi ndi madzi okwana magalamu pafupifupi 3. Ndiye sikelo ikakwera sabata yachiwiri kapena yachitatu, nthawi zambiri ndi madzi amenewa. Komanso munthu aliyense miyendo yake imakhala yokulirapo madzulo kusiyana ndi mmawa chifukwa madzi a m'thupi amatsikira pansi tsiku lonse ukakhala kapena ukaimirira. Kunja kukatentha zimanyanya. Kwa ife akazi masiku oyandikira kusamba nawonso amawonjezera. Ndikaganiza kuti ndi anthu angati omwe amasiyira pa sabata yachitatu imeneyi poganiza kuti kuyenda kukuwanenepetsa miyendo, zimandimvetsa chisoni, chifukwa amasiya nthawi yomwe zinthu zangotsala pang'ono kukhazikika.

Tsopano nkhani ya akatumba yeniyeniyo, pano ndikhalitsepo chifukwa mpomwe pali mantha a anthu ambiri. Chomwe timatcha katumba si mnofu umodzi. Pamwamba pali gastrocnemius, uja wooneka wa mitu iwiri womwe umatuluka ukaimirira ndi zala, ndipo pansi pake pabisala wina wophwatalala wotchedwa soleus. Yonse iwiri imakathera pa mtsempha wa Achilles, chingwe cholimba chija cha kumbuyo kwa kakolo chomwe chimakagwira chidendene. Minofu yathu ili ndi timaulusi ta mitundu iwiri ikuluikulu. Tina ndi tofulumira, tamphamvu zambiri nthawi imodzi koma totopa msanga, ndipo timeneti ndi tomwe timanenepa kwambiri munthu akamanyamula zitsulo. Tina ndi todekha, tochita ntchito yopepuka maola ambiri osatopa. Soleus wadzaza ndi todekhati, pafupifupi 80 pa 100 aliwonse, ndipo kuyenda wamba kumagwiritsa ntchito kwambiri timeneti. Tikapatsidwa ntchito yambiri, chomwe timachita kwambiri ndi kuwonjezera timitsempha ta magazi ting'onoting'ono totizungulira komanso tizigawo ta m'maselo topanga mphamvu, totchedwa mitochondria. Mwendo umakhala wopirira, wolimba ukaugwira, koma kukula m'mbali sikuti ndi kwenikweni.

Mnofu kuti ukule mooneka umafuna katundu wolemera woti ukabwereza kangapo ufike polephera. Kuyenda ndi zosiyana ndi zimenezo, ndi katundu wopepuka wobwerezedwa kambirimbiri, katundu yemwenso miyendo yako yakhala ikunyamula chibadwire. Tayang'anani anthu othamanga marathon, mtunda wa makilomita 42, monga Eliud Kipchoge wa ku Kenya, miyendo yake ndi yowonda ngakhale wathamanga makilomita osawerengeka pamoyo wake. Kenako yang'anani ntchafu za othamanga mamita 100 ngati Usain Bolt, kapena opalasa njinga mwaliwiro m'bwalo. Mtunda wautali suwunjika nyama, liwiro ndi zolemera ndi zomwe zimawunjika. Inde ndikudziwa kuti anthu amenewa anasankha masewera ogwirizana ndi matupi omwe anabadwa nawo, nde chitsanzochi sichifotokoza zonse, komabe ngati mtunda ukanakhala kuti umakulitsa akatumba, bwenzi othamanga marathon ali ndi miyendo ngati mitondo.

Pali anthu ena omwe miyendo yawo imadzadzako akayamba kuyenda, ndisabise. Munthu amene wagona nthawi yaitali chifukwa cha matenda, kapena wachikulire amene minofu inayamba kufota, kwa iyeyo kuyenda ndi katundu wokwanira kubwezeretsa nyama ina yomwe inatha, ndipo kumeneko ndi kupindula osati kuluza. Paja munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono ngati sakuigwiritsa ntchito, ndipo kuchepako kumathamanga akapitirira zaka 60. Winanso ndi amene amayenda zitunda zokhazokha tsiku ndi tsiku atanyamula chikwama cholemera kumsana, ameneyo akatumba ndi matako zimagwira ntchito yoposa ya munthu woyenda pathyathyathya, nde kusintha kwina kungaoneke. Ndiye pali mbali ina yomwe anthu saiganizira: munthu wonenepa kwambiri kawirikawiri amakhala ndi akatumba aakulu a nyama yeniyeni chifukwa miyendoyo imanyamula thupi lolemera sitepe iliyonse, ndipo thupi likapepuka akatumbawo amatha kuchepako nawo.

Kwa ine, tepi ikuti katumba lero ali pomwe anali tsiku loyamba, kusiyana kwake sikukwana theka la sentimita. Chomwe chasintha ndi kaonekedwe. Kale mwendo kuchokera pabondo mpaka pakakolo unali ngati chinthu chimodzi chofewa chotsika molunjika, pano kakolo waoneka, fupa lija la m'mbali latuluka, ndipo ndikaimirira ndi zala pamaoneka mzere pomwe mnofu ukuthera. Sokosi sikusiyanso mzere wozama uja. Izi zili ndi chifukwa chake: magazi obwerera kumtima kuchokera kumapazi amayenera kukwera chitunda, ndipo chomwe chimawakankha ndi akatumba akamafinya mitsempha pa sitepe iliyonse, mpaka ena amati katumba ndi mtima wachiwiri. Ukakhala pampando maola 8 pampu imeneyi imakhala itazima, madzi nkumadikha kumapazi. Ukayenda imayaka.

Tsiku lina ndinapita kukaona amayi, ndinawapeza atakhala pampando panja akudzola mafuta kumapazi, miyendo atatambasula. Ndinangoti maso pa miyendo yawo, nkuona mwendo wanga womwewu, katumba wotsika pansi kwambiri pafupi ndi kakolo, bondo lozungulira chimodzimodzi, olo kapindikidwe ka chala chachikulu. Ndinati, "Amayi, miyendo iyi mesa ndi yangayi?" Iwo anaseka nkuti, "Ndi ya agogo ako imeneyi, ine ndinangolandira." Pamenepo ndinamvetsa chinthu chomwe ndinali nditawerenga koma chisanalowe mumtima. Ena amabadwa ndi mnofu wa katumba waufupi wokhala pamwamba ndi mtsempha wa Achilles wautali, mwendo wawo umaoneka wowonda kumunsi olo atachita zotani. Ena ngati ife mnofu ndi wautali, umatsika pansi, mtsempha ndi waufupi, mwendo umaoneka wodzaza. Pomwe mnofu umathera ndi pomwe mtsempha umayambira sipasuntha, kaya uyende makilomita angati, kaya utambasule miyendo mmawa uliwonse. Zija zimalembedwa pa intaneti zoti masewera akutiakuti amatalikitsa minofu nkukupatsa miyendo ya mtundu wina, sizoona. Ndi za kumtundu, ndipo ine kudziwa zimenezi kunandimasula, ndinasiya kulimbana ndi mwendo wa agogo anga.

Kusintha kwenikweni kunayambira komwe sindimayang'ana nkomwe. Mwezi wachitatu ndikumanga lamba ndinangoona kuti chitsulo chadutsa bowo lomwe ndinalizolowera, lija lomwe linachita kutanuka ndi kuda chifukwa chogwiritsidwa ntchito zaka, chakalowa lotsatira. Ntchafu pa nthawiyo zinali zisanasunthe olo pang'ono. Pamchombo ndi pomwe tepi imatsika mwezi ndi mwezi, ntchafu zinadzayamba kutsatira cha m'mwezi wachisanu ndipo mpaka pano zatsika pang'ono chabe poyerekeza ndi pamimba. Poyamba zinandikwiyitsa, ndimati ntchito ikugwira ndi miyendo, bwanji malipiro akupita kumimba?

Yankho lake nlakuti thupi silitenga mafuta pamalo pomwe pakugwira ntchito. Mnofu wa ntchafu ukafuna mphamvu sumangotapa mafuta omwe ali pamwamba pake, ayi. Mafuta amasungunuka kuchokera m'malo osiyanasiyana m'thupi, kulowa m'magazi, nkukafika komwe akufunika. Kale mu 1971 ofufuza ena anayeza mikono ya anthu osewera tenisi, omwe mkono umodzi umagwira ntchito kwambiri kuposa unzake kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti mkono womenyera mpira unali ndi nyama yochuluka koma mafuta a pansi pa khungu anali ofanana mikono yonse iwiri. Nde kuyenda kuti uchepetse ntchafu zokha, kapena kuchita masewera a pamimba kuti uchepetse mimba yokha, sizitheka mwanjira imeneyo. Malo oyamba kuchepa ndi omaliza amasankha ndi za kumtundu ndi mahomoni. Kwa akazi ambiri homoni ya estrogen imatumiza mafuta ku ntchafu, m'chiuno ndi kumatako, ndipo mafuta a kumeneko amakakamira, amachoka pomalizira. Amuna ambiri amasunga pamimba, ndipo akazi akasiya kusamba nawonso mafuta amayamba kusamukira pamimba.

Chomwe chinanditonthoza ndi kudziwa kuti mafuta omwe amayamba kuchokawo ndi omwe ali oopsa. Mkati mwa mimba, kuzungulira matumbo ndi chiwindi, mumakhala mafuta ena osatsinika ndi zala, ndipo amenewa ndi omwe amayendera limodzi ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima. Mwamwayi amamvera msanga masewera ngati kuyenda ndawala, nthawi zina olo sikelo isanasunthe. Pali kanjira kosavuta kodziyezera komwe bungwe lolangiza za umoyo la NICE la ku Britain linalimbikitsa mu 2022: chiuno chako chisapitirire theka la msinkhu wako. Sipafunikanso tepi, ungotenga chingwe, uyeze kuchokera kumutu mpaka kuphazi, uchipinde pakati, nkuona ngati chikuzungulira pamimba nsonga nkukumana. Ine tsiku loyamba nsonga sizimakumana, pamatsala mpata wa zala zinayi. Pano zikukumana.

Za sikelo ndisanene zambiri chifukwa yatsika pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mmene zovala zasinthira. Anthu amakonda kunena kuti nyama imalemera kuposa mafuta, ndipo nzoona kuti kilo ya nyama imatenga malo ochepa kuposa kilo ya mafuta, koma kusiyanako si kwakukulu ngati zithunzi zija zimazungulira pa Facebook, ndipo kuyenda sikuwonjezera nyama yambiri choncho. Chifukwa chachikulu ndi masamu chabe. Munthu wolemera makilo 70 akayenda kilomita imodzi amatentha makalori (muyeso wa mphamvu zomwe thupi limapeza m'chakudya) pafupifupi 50, pomwe kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700. Mukawerengera mupeza kuti kilo imodzi ikufuna makilomita cha m'ma 150, ndipo apo nkuti kadyedwe sikanasinthe olo pang'ono. Koma kadyedwe kamasintha, njala imakula, umafika kunyumba nkudziuza kuti lero ndayenda ndiyenera kudzithokoza, ndipo zomwe watentha ola lathunthu umatha kuzibweza m'mphindi 5. Ine ndinadzigwira ndikuchita zimenezi mwezi wachiwiri, mbale yamadzulo inali itakula osazindikira.

Komanso thupi lili ndi nzeru zake zosunga mphamvu. Wofufuza wina dzina lake Herman Pontzer ndi anzake anayeza anthu a mtundu wa Hadza ku Tanzania, omwe amayenda mitunda italiitali tsiku lililonse posaka ndi kufuna chakudya kutchire, ndipo zomwe anatulutsa mu 2012 zinadabwitsa anthu: mphamvu zomwe Ahadza amatentha pa tsiku, ukaganizira kukula kwa matupi awo, sizinali zosiyana kwenikweni ndi za anthu okhala m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya. Zikuoneka kuti ukamagwira ntchito yambiri kwa nthawi yaitali thupi limachepetsa zomwe limawononga kwina. Nditawerenga zimenezi sindinagwe ulesi, ndinangosiya kuyembekezera kuti kuyenda kokha kundichotsera makilo 10, nkuyamba kusamala kukula kwa mbale ndi zakumwa za shuga.

Nambala ya 10,000 ija nayo tisamaiope kwambiri. Inachokera ku Japan mu 1965, kampani ya Yamasa itatulutsa kachipangizo kowerenga masitepe kotchedwa Manpo-kei, dzina lomwe tanthauzo lake ndi choyezera masitepe 10,000. Linali dzina la malonda, osati zotsatira za kafukufuku. Mu 2019 gulu la wofufuza I-Min Lee wa ku yunivesite ya Harvard ku America linatulutsa kafukufuku wa amayi achikulire oposa 16,000, a zaka pafupifupi 72, ndipo linapeza kuti oyenda masitepe cha m'ma 4,400 pa tsiku amamwalira ochepa poyerekeza ndi oyenda cha m'ma 2,700, phindu nkumakwerabe mpaka cha m'ma 7,500 pomwe limayamba kulekeza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO silinena za masitepe nkomwe, limati munthu wamkulu azichita masewera apakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Masitepe 10,000 ndi makilomita 7 kapena 8 kutengera kutalika kwa miyendo yako, ndipo si aliyense ali ndi nthawi imeneyo. Ine ndaona kuti liwiro ndi lomwe limasintha zinthu kuposa kungodzaza nambala. Kuyenda ndawala, masitepe pafupifupi 100 pa mphindi, koti ukhoza kulankhula koma kuimba nyimbo sungathe, mphindi 30 zoterozo zimanditulutsa thukuta kuposa ola lathunthu loyenda mozyolika ndikuyang'ana foni.

Funso lachiwiri lomwe limabwera la akatumba likatha ndi la matako, ena amaopa kuti mbina ithera mumsewu, ena akufuna kuti ikule. Kunena zoona, ngati thupi likutaya mafuta, ena achoka kumeneko, sungasankhe. Ndipo kuyenda pamalo athyathyathya sikupatsa minofu ya matako ntchito yambiri. Imadzuka ukamakwera chitunda kapena makwerero, pomwe mwendo umayenera kukankha thupi lonse kupita mmwamba. Mwezi wachisanu ndinasintha njira yanga yamadzulo nkuyamba kudutsa pomwe pali chitunda chachitali ndithu, ndipo sabata yoyamba ululu unali kumatako ndi kumbuyo kwa ntchafu, malo omwe miyezi inayi yonse anali chete. Potsika nkomwe kutsogolo kwa ntchafu kumalira chifukwa mnofu umagwira mabuleki. Ndinawonjezeranso ma squat (kunyonyomala nkudzuka) ndi ma lunge (kuponda patsogolo ndi mwendo umodzi nkupinda mawondo) kawiri pa sabata m'chipinda mwanga momwemo, popanda chitsulo chilichonse, ndipo WHO yomweyo imati masewera olimbitsa minofu azichitika masiku osachepera awiri pa sabata. Amene akufuna miyendo ndi matako zikule mooneka, njira yake ndi imeneyo, zolemera zomawonjezeka pang'onopang'ono ndi chakudya chokhala ndi mapuloteni okwanira. Kuyenda kokha sikungamufikitse kumeneko.

Chinanso chomwe tepi siyeza ndi kaimidwe. Msana umawongoka, mapewa amabwerera mmbuyo, mimba siitsogolanso, ndipo anthu amayamba kukuuza kuti waonda pomwe sikelo ikuti ayi.

Walira mvula walira matope, zowawa zinaliponso. Mwezi woyamba ndinathamangira kuwonjezera mtunda ndi nsapato zakale zomwe pansi pake panali patadyeka mbali imodzi, nde kutsogolo kwa mwendo, pafupa lija lotsika kuchokera pabondo, kunayamba kuwawa ngati wina wandimenya ndi ndodo, kenako chidendene chakumanzere chimabaya ndikangoponda pansi mmawa podzuka. Ndinachepetsa mtunda masabata awiri, ndinasintha nsapato, ndimatambasula akatumba nditatsamira khoma ndikabwerako, zinatha. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kuposa mitsempha ndi mafupa, nde umamva ngati ungathe zambiri pomwe mapazi sanakonzeke.

Pali zinthu ziwiri zomwe sindingatseke nkhaniyi osazitchula chifukwa si kutupa konse komwe ndi kwa kuyenda. Mwendo umodzi wokha ukatupa, nkumatentha, nkumawawa mu katumba, makamaka ukachoka paulendo wautali wokhala pansi, kapena pambuyo pa opareshoni, kapena uli woyembekezera kapena wangobereka kumene, usausisite ndipo usati ndiuyendetse uphwa. Atha kukhala magazi omwe aundana mumtsempha wa mkati, ndipo chibuma chimenecho chikasuntha nkukafika kumapapo munthu amatha kufa. Kuchipatala tsiku lomwelo. Miyendo yonse iwiri ikamatupa mpaka ukadina ndi chala pamatsala dzenje, uku ukubanika, adokotala ayenera kuona mtima ndi impso.

Chachiwiri chimandikhudza chifukwa cha mnzanga wina yemwe tinayamba limodzi kuyenda. Iyeyo amalimbikira kuposa ine, kadyedwe anasintha kwambiri, nkhope inachepa, mapewa ndi pamimba zinachepa mpaka mabulauzi onse anakula, koma kuyambira m'chiuno mpaka m'akakolo osasuntha olo pang'ono. Miyendo yake imawawa ukangoigwira, amatuluka mikwingwirima yakuda popanda kugunda paliponse, ndipo chodabwitsa mapazi ake ndi aang'ono bwinobwino, kunenepako kumathera pa kakolo ngati pamangidwa kachingwe. Zaka zonsezi anthu amangomuuza kuti ndi ulesi, chepetsa kudya. Atapita kwa adokotala anamuuza kuti ndi lipoedema, matenda a mafuta a m'miyendo omwe amagwira pafupifupi akazi okhaokha, amakonda kuyamba pa nthawi yotha msinkhu, ya mimba kapena yosiya kusamba, ndipo madokotala awiri a pachipatala cha Mayo Clinic ku America, Allen ndi Hines, anawafotokoza kale mu 1940. Mafuta amenewa samvera dayeti kapena kuyenda ngati mafuta wamba. Tsiku lomwe anandiuza analira, osati chifukwa cha matendawo koma chifukwa kwa nthawi yoyamba wina anamuuza kuti si kulakwa kwake. Akuyendabe mpaka pano, atavala masokosi othina aja a kuchipatala, chifukwa akuti miyendo imapepukako ndipo ululu umachepa, koma anasiya kuyeza ntchafu.

Ine ndikuyezabe, ngakhale pano ndi kamodzi pa mwezi. Lamlungu lapitali ndinatsegula kope lija nkuyang'ana mzere woyamba ndi womaliza: pamchombo patsika kwambiri, pamatako pang'ono, ntchafu pang'ono, katumba nambala yomweyo. Jinzi ija inakanirira sabata yachitatu ndinaivala Lolemba kupita kuntchito, pa katumba ikugwira mmene imagwirira kale, m'chiuno ndiye ikufuna lamba. Achemwali akuti Loweruka likubwerali tikayese limodzi chitunda china chachitali kuposa changachi, anditumizira kale uthenga kuti ndidzuke 5 koloko ndipo ndisaiwale botolo la madzi.